Mapiri a Malawi: Kumene Ulimi wa M'zigwa Umayambira

Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo palibe malo ena m'dziko la Malawi oposa pamenepa. Pamene mtsinje wa Shire umatulukira m'dzikoli kulowa ku Mozambique, kumwera kwa Nsanje, pali pa mamita 37 okha. Malo awiriwa ndi otalikirana makilomita osakwana 150, komabe kumtundako madzi amaundana ndi chisanu m'mwezi wa Julayi, pamene kunsiko chimanga chimafota ndi dzuwa ngakhale pakati pa dzinja. Kusiyana konseku kumadza kaamba ka mapiri.

Alangizi ambiri amaphunzira za mapiri ali kusukulu, nkuloweza maina ake ndi kutalika kwake, kenako nkuwaiwala akayamba ntchito. Koma phiri ndilo limagawa mvula, limasankha mbewu zoyenera dera, limasunga madzi a m'chilimwe, ndipo likasiyidwa lambulanda limatumiza matope ndi miyala kwa anthu okhala kunsi. Popeza mapiri ambiri a Malawi ali m'malire, zochitika pa iwo zimakhudzanso achikumbi a ku Mozambique, Zambia ndi Tanzania. Nchifukwa chake nkhaniyi ikupita kwa alangizi a mbali zonse za malirewo.

Momwe mapiriwa anayalidwira

Dziko la Malawi lili m'chigwa chachikulu chimene chinang'ambika kalekale kuchokera kumpoto kwa Africa kutsikira kumwera. Pansi pa mng'aluwo pali nyanja ya Malawi, imene madzi ake ali pa mamita pafupifupi 474, ndiponso chigwa cha Shire. Mapiri ndi zitunda zaima m'mbali mwa chigwachi ngati zipupa.

Kumwera kuli Mulanje, phiri lotenga malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 650, lokhala ndi nsonga pafupifupi 20 zopitirira mamita 2,500. Ndi mwala wolimba umene unatsala chiimire pamene nthaka yofewa yozungulira inkaperesedwa ndi madzi kwa zaka mamiliyoni ambiri. Kumpoto kwake kuli phiri la Michesi, lolekana ndi linzakelo pa mpata wa Fort Lister. Mulanje ali ndi abale ake kutsidya la malire: phiri la Namuli ku Gurue, lotalika mamita 2,419, ndi la Chiperone. Chakumadzulo kuli zitunda za Shire, kumene kuli mapiri a Thyolo, Soche, Ndirande, Michiru ndi Chiradzulu, ndipo kumpoto kwa zitundazi kuli phiri la Zomba, limene nsonga yake ya Malumbe imapitirira pang'ono mamita 2,080.

Kuwoloka Shire kupita kumadzulo, timakumana ndi mtandadza wa mapiri a Kirk, umene umayambira cha ku Mwanza ndi Neno nkudzera ku Ntcheu. Kumpoto kwake kuli phiri la Dedza, lotalika mamita 2,198, ndi la Chongoni, kumene kuli mapanga a zojambula zamakedzana amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu chaka cha 2006. Kuchoka apo malire amatsata mtandadza wa Dzalanyama kulowera ku mapiri a Mchinji.

M'chigawo cha kumpoto muli Viphya, chitunda chachitali chimene panadzalidwa nkhalango ya paini ya Chikangawa yokwana mahekitala 53,000. Kupitirira chigwa cha South Rukuru kuli Nyika, chidikha chachikulu cha udzu chokhala pamwamba pa mamita 2,000, chimene nsonga yake ya Nganda imapitirira pang'ono mamita 2,600. Nyika inasanduka malo osungirako nyama mu 1965, ndipo kachigawo kake ka kumadzulo kali m'dziko la Zambia. M'boma la Chitipa muli mapiri a Mafinga m'malire ndi Zambia, ndi a Misuku moyandikana ndi Tanzania.

Phiri ndi mvula

Mphepo yonyamula chinyezi ikagunda phiri imakakamizika kukwera. Ikamakwera imazizira, chinyezi chija chimasanduka mitambo, ndipo mvula imagwa ku mbali imene mphepoyo yachokera. Ikamatsikira kuseri imakhala itakhuthula kale madzi ake, motero imafika youma ndi yofunda. Uku ndiko kugawa mvula kwa phiri.

Mphepo ya chinyezi yofika ku Malawi kawirikawiri imachokera kumwera chakum'mawa, ku nyanja ya Indian Ocean. Choncho mbali ya kumwera kwa Mulanje imalandira mvula yopitirira mamilimita 2,000 pa chaka, pamene dambo la Phalombe, kuseri kwa phiri lomwelo, limalandira yochepa kwambiri. Chimodzimodzinso kumpoto: Nkhata Bay, pa tsinde la Viphya moyang'ana kunyanja, ndi dera la mvula yochuluka, koma Bolero ndi madera ena a kumadzulo kwa Rumphi, amene atchingidwa ndi Viphya ndi Nyika, ali m'gulu la malo ouma a dzikoli.

Palinso mvula ya mawawa ndi nkhungu imene imagwa pakati pa Meyi ndi Ogasiti ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre. Anthu amaitcha chiperoni, potengera phiri la Chiperone la ku Mozambique, kumene mitambo yake imaonekera ikamabwera. Mvula imeneyi ndi imene imasunga tiyi kuti asaume m'nyengo yopanda mvula, ndipo nchifukwa chake mbewuyi inakhazikika ku Mulanje kuyambira mu 1891. Bungwe lofufuza za tiyi la Tea Research Foundation of Central Africa lili ku Mimosa, pa tsinde la phiri lomweli. Achikumbi ang'onoang'ono a m'maderawa amagwiritsanso ntchito chiperoni podzala nyemba, nsawawa ndi mbatata chimanga chikamakhwima, nkukolola kachiwiri pa munda umodzimodzi.

Phunziro kwa mlangizi ndi lakuti chiwerengero cha mvula cha pa boma sichinena zoona za midzi yonse. Midzi iwiri ya mfumu imodzi, wina kumaso kwa phiri wina kuseri, ingafune mitundu yosiyana ya chimanga ndi masiku osiyana odzalira.

Kutalika kwa malo ndi mbewu zoyenera

Pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, choncho tingayembekezere kuti ikhale yozizira ndi madigiri pafupifupi 9 poyerekeza ndi Nsanje. Kusiyana kotereku kumasintha ulimi wonse.

M'chigwa cha Shire, pansi pa mamita 200, mumachita bwino thonje, mapira, mchewere ndi nzimbe zothirira. M'mbali mwa nyanja muli mpunga ndi chinangwa. Zidikha za pakati pa mamita 1,000 ndi 1,400, monga Lilongwe, Kasungu ndi Mzimba, pamodzi ndi Chipata kutsidya la malire, ndizo nkhokwe za chimanga, mtedza, soya ndi fodya. Pamwamba pa apa, ku Dedza, Bembeke, Lizulu, Tsangano ndi Angonia, ndi kwawo kwa mbatata ya kachewere, kabichi, nyemba, nsawawa ndi mapichesi, ndipo ku Tsangano ndi Neno amalimanso tirigu. Khofi amakonda zitunda za Misuku, Phoka ndi Viphya.

Kumalo ozizira chimanga chimachedwa kucha, ndipo mtundu umene umacha msanga kuchigwa ungatenge masabata angapo owonjezera kuphiri. Chinyezi ndi nkhungu zimachulukitsa chiwawu cha masamba a chimanga ndi cha mbatata ya kachewere, komanso kuwola kwa zisononkho. Komabe kuzizirako kuli ndi ubwino wake: nsabwe za m'mbewu zimene zimafalitsa mavairasi zimachepa, motero mbewu yabwino ya kachewere imachulukitsidwa kumtunda. M'madambo a kumapiri chisanu cha mu Juni ndi Julayi chimawaula tomato ndi nyemba za m'dimba, chifukwa mpweya wozizira umatsetserekera pansi usiku nkukhazikika m'malo otsika.

Malo ofufuzira za ulimi anawamwaza motsatira kusiyana kumeneku. Kasinthula ali kuchigwa ku Chikwawa, Bvumbwe ali pa zitunda za Shire, Chitedze ali pa chidikha cha Lilongwe, Bembeke ali kumtunda ku Dedza, ndipo Lunyangwa ali ku Mzuzu. Musanatengere alimi anu zotsatira za kafukufuku, yambani mwafunsa kutalika kwa malo amene mbewuyo inayesedwa. Mlangizi wa ku Ulongwe m'boma la Angonia angapindule kwambiri ndi zotsatira za ku Bembeke kuposa za kuchigwa cha Zambezi, ngakhale chigwacho chili m'dziko lake.

Malire ali pa msana wa mapiri

Pangano la mu 1891 la pakati pa Britain ndi Portugal linaika mbali yaikulu ya malire a kumadzulo kwa Malawi pa msana wa mapiri umene umagawa madzi. Woyenda pa msewu wa pakati pa Ntcheu ndi Dedza amaona yekha: mbali imodzi ya msewu ndi Malawi, inayo ndi Mozambique. Mvula yogwa kum'mawa kwa msanawo imapita ku nyanja ya Malawi kapena ku Shire, yogwa kumadzulo imatsikira ku Angonia nkukalowa mu Zambezi cha ku Tete. Malire ndi Zambia nawonso amatsata msana wogawa madzi a nyanja ya Malawi ndi a mtsinje wa Luangwa, umene magwero ake ali ku mapiri a Mafinga.

Pa Mulanje pamachokera mitsinje ya Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila, Muloza, Phalombe ndi Sombani. Ruo amasanduka malire a Malawi ndi Mozambique kufikira atathira mu Shire pa Chiromo, ndipo anthu a magombe onse awiri amamwa ndi kuthirira madzi omwewo. Kuyambira mu 2019 mzinda wa Blantyre umalandirako madzi a mu Likhubula kudzera m'mipope. Pa Zomba pamatuluka Mulunguzi, amene damu lake limamwetsa mzindawo, komanso Domasi ndi Likangala, mitsinje yothirira masikimu a mpunga isanakathire mu nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe potulukira, mbali ina ya gombe lake ili ku Mozambique, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Mtsinje wa Lilongwe umachokera ku Dzalanyama ndipo umadzaza madamu awiri a Kamuzu amene likulu la dziko limadalira. Nyika imatulutsa North Rukuru, North Rumphi ndi Wovwe, ndipo mpunga wa ku Karonga umathiriridwa ndi madzi ochokera ku mapiri omwewa. Misuku imathira madzi ake mu Songwe, malire a Malawi ndi Tanzania.

Kupatula madzi opita ku Chilwa ndi ku nyanja ya Chiuta, pafupifupi onsewa amakakumana mu Zambezi. Madzi a ku Mafinga amadzera ku Luangwa, a ku Nyika amadzera ku nyanja ya Malawi ndi Shire, koma mapeto ake ndi amodzi.

Chimene chimasunga mitsinjeyi m'chilimwe ndi nthaka yokutidwa bwino ya kumtunda. Masamba, udzu ndi mizu zimachedwetsa madzi a mvula kuti alowe pansi, ndipo amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe kufikira mu Okutobala. Mvula ya milimita imodzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Chimvula cha mamilimita 100 chimathira malita 1,000,000 pa hekitalayo. Ngati nthaka ili yokutidwa, ambiri mwa madziwo amasungika. Ngati ili pambalambanda, amatsika tsiku lomwelo atanyamula chonde.

Phiri likavulidwa

Kafukufuku amene boma la Malawi linachita pamodzi ndi bungwe la FAO anapeza kuti mu 2014 dzikoli linkataya nthaka yokwana matani 29 pa hekitala pa chaka, poyerekeza malo onse. Amenewa ndi matumba 580 a makilogalamu 50 a nthaka yapamwamba, ndipo m'malo otsetsereka kutayako kumaposa apa. Mlimi wa kuphiri amathira feteleza amene amakagwera m'khwawa, wa kuchigwa amapeza mchenga utakwirira dimba lake, ndipo ngalande za m'masikimu zimatsekeka. Matope omwewo amakadzaza madamu a Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa Shire, kumene gawo lalikulu la magetsi a Malawi limapangidwa.

Makolo a ku Zomba, Mulanje ndi Phalombe ankatcha kugumuka kwa phiri kuti napolo, chinjoka chimene chimasamuka kuphiri kupita kunyanja nkusesa zonse za m'njira yake. Napolo anadutsa mu Zomba mu Disembala 1946. Pa 10 Malichi 1991 phiri la Michesi linagumuka, ndipo madzi, miyala ndi zigodo zinasesa Phalombe nkupha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope a phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe mu Blantyre, anagumulanso mapiri a ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, ndipo anthu opitirira 1,000 anafa kapena kusowa m'dzikoli. Chimvula chadzaoneni chikhoza kugumula ngakhale phiri la mitengo yokhayokha, choncho sitinganene kuti kudula mitengo ndiko kokha kunadzetsa ngozizi. Koma phiri lopanda mizu yogwira nthaka limagumuka msanga, ndipo nyumba ndi minda zokhala m'njira zakale za madzi ndizo zimayamba kupita. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa.

Nkhalango zambiri za m'mapiri ndi zotetezedwa ndi lamulo kuyambira kalekale: ya Mulanje inakhazikitsidwa mu 1927, ndipo lamulo la nkhalango la mu 1997 linakhwimitsidwa mu 2020. Komabe lamulo lokha silinakwanitse. Mkungudza wa pa Mulanje, umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse ndipo unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, unadulidwa mpaka kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo yaikulu 7 yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi midzi yozungulira phirili akhala akufesa ndi kudzalanso mbande zake, ndipo mu 2025 UNESCO inaika Mulanje pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse. Ku Dzalanyama kuwotcha makala kunafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali. Nkhalango ya Chikangawa nayo inachepa kwambiri kaamba ka moto ndi kucheka matabwa osadzalanso. Amene amakwera phiri ndi nkhwangwa kapena khasu nthawi zambiri amakhala atasowa malo olima ndi popezera ndalama kunsi, ndipo apa ndi pamene ntchito ya mlangizi imayambira.

Zimene mlangizi angachite

Choyamba, dziwani dera lanu monga momwe madzi amalidziwira. Yendani ndi mafumu ndi alimi kuchokera pa msana wa phiri kutsata khwawa mpaka kudambo, mukuona pamene pali akasupe, zigwembe, minda yotsetsereka ndi njira za ng'ombe. Afunseni achikulire kumene madzi anadzera m'zaka za chigumula. Mapu ojambulidwa pa ulendo woterewu ndi amene ayenera kutsogolera ntchito ya chaka.

Chachiwiri, yezani kutsetsereka kwa minda. Tengani chingwe cha mamita 10, mumange mbali imodzi pansi chakumtunda, ndipo inayo muikweze pa ndodo kufikira chingwecho chitagona molingana. Ngati pa ndodopo chakwera mita imodzi, malowo atsetsereka ndi magawo 10 pa 100 alionse. Munda ukatsetsereka kwambiri, akalozera ayenera kuyandikana kwambiri. Malo otsetsereka mopitirira muyeso asalimidwe mbewu za chaka ndi chaka: padzalidwe mitengo ya zipatso, nsungwi, udzu wa ziweto, kapena pasiyidwe kuti zitsa ziphukire, nkupachikapo ming'oma ya njuchi.

Chachitatu, ntchito yoteteza nthaka iyambire kumtunda kutsikira kunsi. Mgula womangidwa pansi pa munda wosatetezedwa umaphulika ndi mvula yoyamba, ndipo mwini wake sadzakhulupiriranso mlangizi. Dulani akalozera ndi chipangizo cha mitengo itatu chooneka ngati chilembo cha A, mizere yonse itsate akalozerawo, ndipo pa kalozera aliyense padzalidwe udzu wa vetiva motalikirana masentimita 10 mpaka 15 kuti utsekane ngati mpanda. Kumene mvula imachepa, mizere itsekedwe m'mipata kuti madzi akhazikike. Kumene mvula imachuluka kwambiri, monga kumaso kwa Mulanje, madzi otsala apatsidwe njira ya udzu yotsikira nayo bwino, chifukwa kusunga madzi onse pa malo otsetsereka kumalemeretsa nthaka nkuigumula. Mapesi asatenthedwe koma aphimbire nthaka.

Chachinayi, thandizani mlimi kukolola zambiri pa munda umene ali nawo kale, kuti asakatsegule wina m'nkhalango. Kafukufuku amene anayamba ku Makoka pafupi ndi Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anaonetsa kuti chimanga chodzalidwa pamodzi ndi gilisidiya chimabereka kwambiri kuposa cholimidwa chokha popanda feteleza, ndipo ku Msekera ku Chipata anapeza zofanana ndi izi pogoneka minda ndi jerejere. Mitengo yotereyi imaperekanso nkhuni pafupi ndi nyumba. Nandolo, amene alimi a zitunda za Shire amamudziwa kale, amagwira ntchito yomweyo.

Chachisanu, kumbukirani mbiri. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 boma la atsamunda linakakamiza anthu kumanga migula ndi mizere yopingasa pogwiritsa ntchito chindapusa ndi ndende. Anthu anadana nawo malimidwe amenewo, ndipo ambiri anawasiya chikakamizo chitangotha. Uphungu wake unali ndi nzeru, koma njira yake inaipitsa zonse. Malamulo a m'mudzi oteteza akasupe, magombe a mitsinje ndi nkhalango amakhalitsa pamene anthu eni ake awapanga pamodzi ndi mfumu yawo ndipo akuona phindu lake.

Chomaliza, dziwanani ndi mnzanu wa kutsidya la malire. Alimi a ku Lizulu ndi Tsangano, a ku Muloza ndi Milange, a ku Mchinji ndi Chipata amagula ndi kugulitsa pa misika imodzimodzi, amakwatirana, ndipo amamvana chinenero. Mbewu, matenda a mbewu, moto wolusa ndi makala zimawoloka malire tsiku ndi tsiku, pamene alangizi a mbali ziwirizi amatha zaka osaonana. Maiko a Malawi ndi Zambia anasainirana pangano mu 2015 losamalira pamodzi malo a zachilengedwe a m'malire mwawo, kuphatikizapo Nyika, ndipo zoterezi zingathekenso pakati pa alangizi awiri okhala mbali ziwiri za phiri limodzi. Itanizanani ku masiku a chionetsero cha zaulimi, gawanani ziwerengero za mvula, ndipo mvula yoopsa ikagwa kumtunda, tumizani uthenga pa lamya kwa okhala kunsi madzi asanawafike.

Miyezi ya Juni mpaka Seputembala ndiyo nthawi yodula akalozera, yolambula njira zotchinga moto ndi yofesa mbande, pamene alimi apumako ku ntchito za m'munda. Mlangizi aliyense amene dera lake lili ndi phiri kapena chitunda asankhe khwawa limodzi chaka chino, ayambe nalo pamwamba penipeni, ndipo aitane anthu a kunsi kuti adzagwire nawo ntchitoyo, popeza madzi a m'zitsime ndi m'madimba awo amachokera komweko.